Ndinabera nkhalamba zoti kulibe, koma mtima sukundileka

Anthu amene ndinawapha mu GTA San Andreas atati asonkhane pamodzi, bwalo la Kamuzu lingachepe. Tinkasewera pa PlayStation 2 m'kashopu kena ku Ndirande, kumene unkapereka timakobiri n'kupatsidwa padi kwa kanthawi, anzako atakuunjikira kumsana, aliyense akukuwa zake. Wina akuti landa galimoto ya apolisi, wina akuti gunda anthu ali m'mbali mwa msewuwo kuti nyenyezi zosonyeza mmene apolisi akukusakira zikwere. Zikakwana zisanu ndi imodzi, asilikali n'kutulukira ndi akasinja, tinkachita kulumpha ndi chimwemwe. Ndikabwerera kunyumba ndinkadya nsima yanga bwinobwino n'kugona tulo tofa nato.

Lero ndine bambo wa ndevu zanga, wa mkazi ndi ana, ndipo chimene chinandisowetsa mtendere m'magemu si kupha ayi. Ndi zitini za chakudya ndi mankhwala zimene ndinatenga m'kabati ya nkhalamba ziwiri mu This War of Mine. Sindinawombere munthu, sindinakankhe munthu, ndinangotsegula kabati basi. Amene simunasewere magemu amene nditchule pano ndipo simufuna kuuzidwiratu mathero ake, lekerani pomwepa, chifukwa ine sindibisa kanthu.

This War of Mine inatuluka mu 2014, opanga ake ndi a 11 bit studios a ku Warsaw m'dziko la Poland. Maganizo ake anawatenga pa zimene zinachitika ku Sarajevo, mzinda umene unazingidwa ndi asilikali kuyambira 1992 mpaka 1996, anthu oposa 10,000 n'kufa, ena ali pamzere wa buledi, ena akukatunga madzi. Mu gemuyi mzindawo akuutcha Pogoren, ndipo iwe sukhala msilikali. Umasamalira anthu wamba obisala m'nyumba yogumuka. Ine ndinayamba ndi Pavle, amene nkhondo isanabuke anali katswiri wa mpira, Bruno wophika, ndi Marko wozimitsa moto. Masana sungatuluke chifukwa pamadenga pali asilikali owombera patali, ndiye umakhalira kukhoma bedi, kukonza mbaula, kutchera makoswe, kusefa madzi amvula, ngakhale kutcheza kachasu woti udzasinthanitse ndi zina. Usiku mmodzi amanyamula chikwama kukasaka zinthu m'mabwinja, ena n'kutsala akulondera, chifukwa kunjako kuli anzako anjala amene nawonso akukuwerengera.

Bruno anadwala. Pansi pa chithunzi chake poyamba panalembedwa kuti wadwala pang'ono, kenako matenda anakula, ndipo chotsatira ndinkachidziwa. Mankhwala mu gemuyi ndi odula zedi. Franko, wamalonda amene amagogoda pakhomo masiku ena, amafuna pafupifupi zonse zimene uli nazo kuti akupatse botolo limodzi. Malo ena amene kunali mankhwala kunalinso anthu amfuti. Pamapu panali nyumba ina yopanda chiopsezo, yotchedwa Quiet House, ndipo gemuyo sinandinamize: inanena poyera kuti kumeneko kumakhala nkhalamba, mwamuna ndi mkazi wake, ndipo ukafuna zinthu zawo uyenera kuba.

Ndinatuma Marko, chifukwa chikwama chake ndiye chachikulu mwa atatuwo, chili ndi malo 15. Taonani pamenepo. Ndinkadziuza kuti ndikukangotenga botolo limodzi la Bruno, koma munthu wokatenga botolo limodzi sayamba wayerekeza zikwama.

Nditalowa, agogo aamuna anandifunsa chimene ndikufuna. Anati alibe zambiri. Ataona kuti ndikulunjika kukabati, anayamba kundichonderera kuti ndisatenge mankhwala a mkazi wawo. Sagwira mpeni agogo amenewa, sakuwa kuitana anthu, amangokutsatira chipinda ndi chipinda akulankhula. Akanandiopseza zikanandipepukira, ndikanati ndikudziteteza. Pamakabati a eni ake gemu imaika chizindikiro chosiyana ndi cha zinthu zotayidwa, ndiye sunganene kuti sunadziwe. Ndinatenga mankhwalawo. Nditaona kuti m'chikwama mwatsala malo, ndinatenganso zitini, nyama, ndiwo zamasamba ndi mabandeji. Nzeru imene inali m'mutu mwanga ndimaikumbukira bwino lomwe: ndabwera kale, dzina loti wakuba ndatenga kale, ndiye kusiya theka kukundipindulira chiyani?

Kutacha, Marko ndi Pavle anali achisoni, akuyenda mozyolika, akudzilankhulira okha za nkhalambazo. Bruno, mwini matendawo, sizinamukhudze kwenikweni, ndi mmene anamupangira munthu ameneyo. Gemuyi imatha kukulanga kwambiri pamenepa: chisoni chikakula munthu amasiya kugwira ntchito, amangokhala pansi osadzuka, ndipo ena amafika podzipha. Koma kwa ine sizinafike kumeneko. Tinadya, tinakhuta, ndinawakonzera wailesi ndi mpando wabwino, chisoni chija chinazilala. Nyengo yozizira tinaidutsa, nkhondo inatha, atatu onse ali moyo. Mwachidule ndinapambana, ndipo kubako kunandithandiza kupambana. Ku Quiet House kokha sindinabwerereko, ngakhale pamapu pankaonetsa kuti kwatsala matabwa ndi zipangizo zimene ndinkazisowa kwambiri.

Njala ya 2002 inandipeza ndili wamng'ono, koma nkhani za kumudzi kwathu ku Dedza ndimazikumbukira. Anthu ankadya madeya, ena mizu ya nthochi, ndipo chimanga chinkabedwa m'munda chisanakhwime. Ogwidwa ankamenyedwa, ena kuvulazidwa koopsa. Akuluakulu akamakamba za akubawo ankakalipa, koma wogwidwayo akakhala munthu wodziwika, amene ana ake aliyense anawaona atatupa mapazi, mawu ankatsika ndipo nkhani inkasinthidwa msanga. Ine moyo wanga wonse, ndikamaganiza za nthawi imeneyo, ndinkadziika kumbali ya eni munda. Sindinayambe ndadziyerekeza ndili wolowa m'munda mwa wina usiku. Gemu ya ku Poland inandiwolotsera tsidya linalo mosavuta, ndipo mtengo wanga unapezeka kuti ndi wotsika kuposa mmene ndinkadziyesera. Mu 2020 boma la Poland linaika gemuyi pa mndandanda wa zinthu zimene ophunzira a kusekondale angathe kuphunzirapo, ndipo ine sindinadabwe nazo.

Nditawafotokozera alamu anga, amene ndi iwo anandiphunzitsa magemu ambiri a pakompyuta, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati, "Alamu, mwayamba kulirira zojambula tsopano? Nkhalamba zimenezo ndi manambala a m'kompyuta. Mukazimitsa laputopu kulibe wanjala, kulibe wodwala." Akunena zoona, ndipo ine sindikuti ndinachimwa tchimo loti ndikaulule kwa abusa. Palibe amene anagona ndi njala chifukwa cha ine. Koma ndinawayankha kuti amene kulibe ndi nkhalambazo, amene anasankha chikwama chachikulu alipo, ndi amene mukumwa naye tiyi panoyu. Anangopukusa mutu n'kundiuza kuti ndikufunika tchuthi.

Mu GTA sindinkapereka chifukwa chilichonse. Kugunda anthu kunali phokoso chabe, ndipo anthu a m'misewu ya Los Santos analibe chimene ankafuna kwa ine, ukatembenuka kamera atulukira ena ofanana nawo. Sindinkafunika kudziuza kanthu. Ku Pogoren ndinachita kudzikonzera mlandu ndi chiweruzo chake ndisanabe: mnzathu akudwala, nkhalambazi zadya kale moyo wawo, ndikapanda kutenga ine adzatenga ena. Zifukwa zimenezo sanazilembe ndi a ku Warsaw. Zinachokera mwa ine, ndipo zinabwera mwachangu, zokonzeka kale.

N'chifukwa chake magemu okhala ndi sikelo ya ubwino ndi kuipa sandigwira mtima. Mu Mass Effect mayankho a munthu wabwino amakhala abuluu, a munthu waukali ofiira, ndipo umadziwiratu kuti ukudina chiyani. Mmodzi mwa amene anagwira ntchito pa magemu amenewa ku BioWare, John Ebenger, ananena mu 2020 kuti osewera pafupifupi 92 mwa 100 aliwonse ankasankha njira ya munthu wabwino. Nanga alekerenji, poti ubwinowo sudya kanthu? Mu BioShock ya 2007 umasankha kupulumutsa tiatsikana tina ta mu gemumo kapena kutipha kuti upeze mphamvu zambiri, koma ukatipulumutsa umalandira mphatso pambuyo pake, mwakuti kusiyana kwake kumachepa. Chifundo chotere ndi bizinesi. Magemu amene amaluma ndi amene amayamba akusaukitsa kaye, kenako n'kukufunsa kuti ndiwe munthu wotani.

Pa kusaukitsa munthu palibe yoposa Papers, Please. Anaipanga ndi munthu mmodzi, Lucas Pope, ndipo inatuluka mu 2013. Zithunzi zake n'zachikale, imayenda ngakhale pa laputopu yotopa ngati yangayi, ndipo kuyambira 2022 ikupezekanso pafoni. Iwe ndiwe wogwira ntchito pachipata cha m'malire a dziko lopeka la Arstotzka, m'tauni ya Grestin, kumapeto kwa chaka cha 1982. Ntchito yako ndi kuyang'ana mapasipoti ndi ziphaso, kuona ngati dzina, chithunzi, tsiku ndi nambala zikugwirizana, kenako kudinda chidindo chobiriwira kapena chofiira. Malamulo amasintha pafupifupi tsiku lililonse. Pa munthu aliyense amene wamuona molondola umalandira makirediti 5, ndipo nthawi ikuthamanga. Madzulo amakuonetsa ndalama zako ndi zofunika kulipira: lendi, chakudya, moto wotenthetsa m'nyumba, mankhwala. Pansi pake pali mkazi wako, mwana wako wamwamuna, apongozi ako aakazi ndi amalume, aliyense ndi kachizindikiro kosonyeza ngati ali ndi njala, akuzizidwa kapena akudwala. Ndalama zikapanda kukwana umachita kusankha kuti lero tidye kapena tiothe moto. Amene munalandirapo malipiro pa 25 n'kupezeka pa 3 atatha, tsamba limeneli simungafune womasulira.

Ndinayendapo ulendo wa pabasi wa ku Joni, kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge, ndipo ndikudziwa mmene mtima umagundira ukaima pamzere pasipoti ili m'manja, ngakhale mapepala ako onse ali bwino. Ukakhala pamzere, munthu wa kuseri kwa galasi umamuona ngati khoma. Suganiza zoti naye ali ndi lendi. Ndinalowa mu gemuyi ndi mtima woti ine ndikakhala kuseri kwa galasiko ndidzakhala wachifundo.

Tsiku lachisanu la mu gemumo kumabwera bambo wina wochokera ku Antegria, akuthawa ulamuliro wankhanza wa kwawo. Mapepala ake onse ali bwino. Ukamudindira chobiriwira amathokoza n'kukuuza kuti mkazi wake ali kumbuyo kwake, chonde umuchitire chifundo. Mkaziyo akafika, alibe chilolezo cholowera m'dziko. Amakuuza kuti akabwerera akaphedwa. Lamulo la gemuyi ndi lakuti ukalakwitsa kapena ukaphwanya lamulo, kamakina kamalira n'kutulutsa kapepala ka chenjezo. Machenjezo awiri oyamba pa tsiku ndi aulere, kuyambira lachitatu amayamba kukudula ndalama. Tsiku limenelo ndinali ndisanalandire chenjezo ngakhale limodzi. Ndikanamulowetsa mayi uja, sindikanataya kobiri.

Ndinadinda chofiira. Mwana wanga wa mu gemumo anali akudwala, ndalama zinali zoperewera, ndipo ndinaganiza kuti machenjezo aulerewo ndiwasunge, mwina ndilakwitsa mwangozi tsiku lisanathe. Ndinabweza munthu kokaphedwa pofuna kusunga mpata wolakwitsa. Ndipo sindinachedwepo n'komwe, chifukwa wotchi inkayenda, ndinangodinda n'kuitana wotsatira. Tsikulo linatha osalakwitsa kalikonse, machenjezo aja ali osagwiritsidwa ntchito. Ndinausa moyo kwambiri mpaka mayi a kunyumba anatembenuka n'kufunsa kuti, "Bambo a ana, kodi ndi ngongole ina imene simunandiuze?" Ndinati ayi, ndi gemu. Anandiyang'ana n'kupitiriza zimene ankachita.

Komabe pa mayi wa ku Antegria ndikhoza kubisala kumbuyo kwa lamulo, poti chilolezo analibedi. Pa nkhani ya Calensk palibe pobisala. Calensk ndi mlonda wa pachipatapo, ndipo tsiku lina amabwera pawindo kudzakuuza kuti iye amalandira kangachepe pa munthu aliyense womangidwa, ndiye ukamamutumizira anthu azikugawira, makirediti 5 pa anthu awiri. Anthu ambiri amene mapepala awo ali ndi vuto ukhoza kungowabweza, apite kwawo akakonze. Ukhozanso kudina batani loti amangidwe, chitseko chachitsulo n'kutsika, alonda n'kumutenga munthuyo. Calensk asanabwere ndinkangobweza. Atabwera, ndinayamba kuona kuti batani lija ndi lothandiza, ndipo ndinapezanso kuti kumanga munthu kumafulumira. Palibe pamene gemu inandiuza kuti ndalakwa. Palibe nyimbo yachisoni, palibe sikelo yotsika. Madzulo pankangooneka mzere wina wa ndalama zowonjezera, ndipo banja langa linadya, linaothanso moto.

Ziphuphu timazitukwana tsiku ndi tsiku, m'minibasi, pa Facebook, pamaliro pomwe. Nanenso ndimatukwana nawo, ndipo sindinasinthe maganizo, n'zoipa ndithu. Kungoti kale ndinkaganiza kuti munthu amayamba waipa kaye mtima kenako n'kulandira chiphuphu. Mu Arstotzka ine ndinayamba ndi mwana wodwala, ndipo pamene ndinkafika pomanga anthu chifukwa cha makirediti awiri ndi theka pa mutu, ndinkadzionabe ngati bambo wabwino wosamala banja lake.

Si gemu iliyonse yofuna kukuchititsa manyazi imene imakwanitsa. Spec Ops: The Line ya 2012 imakufikitsa pamalo pamene sungapitirire popanda kuponya mabomba a white phosphorus pa adani ku Dubai, kenako imakuyendetsa pakati pa mitembo ya anthu wamba 47 amene unawawotcha osadziwa, n'kuyamba kukudzudzula. Anthu ambiri amaitama, koma ine inangondikwiyitsa. Munditsekere njira zonse, mundikankhire pa batani limodzi, kenako muzindiloza chala? Mlandu umenewo ndi wa olemba.

Ndikanati lamulo ndi limenelo, kuti popanda kusankha palibe kudzimva wolakwa, koma Red Dead Redemption 2 imandisokoneza. Ndinaisewera pa PlayStation 4 ya alamu anga aja. Ndi ya Rockstar, omwe aja a GTA, inatuluka mu 2018, ndipo nkhani yake ikuchitika ku America mu 1899. Iwe ndiwe Arthur Morgan wa m'gulu la zigawenga. M'gululi muli Leopold Strauss, amene ntchito yake ndi katapila weniweni: amabwereketsa ndalama kwa anthu amene akudziwa kuti sangathe kubweza, ndipo wokatolera ndi Arthur. Katapila ife timamudziwa, amene amasunga makadi a ku banki a anthu mpaka tsiku la malipiro, amene amanyamula wailesi ndi matiresi mwini wake akuona. Mmodzi wa angongole a Strauss ndi Thomas Downes, mlimi wosauka wodwala. Umamupeza kumunda kwake, umamumenya pamaso pa mkazi wake, iye n'kukhosomolera magazi kumaso kwa Arthur. Ntchito imeneyi sungaidumphe, nkhani sipitirira popanda iyo. Downes amamwalira, banja lake limataya malo, ndipo patsogolo umakapeza mkazi wake Edith akugulitsa thupi, mwana wawo Archie akugwira ntchito mumgodi ku Annesburg. Arthur naye dokotala wa ku Saint Denis amamupeza ndi chifuwa chachikulu, chochokera kwa Downes yemwe uja.

Pa Downes ndilibe mlandu, sindinasankhe. Chimene chimandibaya ndi wangongole wina amene ndinayamba kumuyendera, Wróbel, bambo wa ku Poland amene Chingerezi chinkamuvuta. Gemu imakuuza kuti utenge zinthu m'nyumba mwake zokwana ngongoleyo. Ine ndinatsegula dirowa iliyonse, kabati iliyonse, ndikusangalala, chifukwa m'magemu tinazolowera kuti chilichonse chotseguka ndi chako. Bamboyo ataima pakona akudandaula m'chinenero chake, ine ndikuyang'ana ngati pansi pa bedi pali kanthu. Pamene nkhani inafika poti Arthur wazindikira zimene wachita, n'kuyamba kukhululukira angongole ndi kuthamangitsa Strauss pamsasa, ndinapereka ndalama kwa aliyense amene gemu inandilola kumupatsa. Kwa banja la Downes ndinathamangira ngati ndi abale anga. Edith salandira thandizolo ndi manja awiri, ndipo olemba anachita bwino pamenepo, chifukwa akanamupangitsa kuthokoza ndi misozi ndikanadziona ngati ndalipira.

Yankho la alamu anga pa zonsezi ndi limodzi: "Ingolodaninso sevu yakale, alamu, musankhe bwino." Ubwino wa gemu ndi umenewo, amatero, kuti ukhoza kubwerera pamene inasungira masewero ako n'kuyambiranso pamenepo, ndiye kunong'oneza bondo kuli ndi mankhwala. This War of Mine siilola zimenezi mosavuta, imaseva yokha tsiku likamayamba ndipo ulibe masevu ambiri osankhapo. Koma gemu imene inaganizira bwino za khalidwe limeneli ndi Undertale ya Toby Fox, ya 2015. Kumayambiriro kwake umasamalidwa ndi Toriel, mayi wachifundo amene amakuphikira, kukupatsa chipinda, n'kukuletsa kutuluka poopa kuti ukaphedwa kunjako. Kuti udutse uyenera kulimbana naye. Njira yomusiya wamoyo ilipo, kungokana kumenya mobwerezabwereza mpaka atagonja, koma ambiri sadziwa, amaganiza kuti amufooketse kaye, ndiye nkhonya yomaliza imapweteka mopitirira n'kumupha. Zinandichitikira. Ndinathamangira kulodanso, ndinamusiya wamoyo, ndinapuma. Kutsogolo pang'ono kaduwa kolankhula ka mu gemumo, Flowey, kanandidikira n'kundiuza kuti ndisadzitame, kakudziwa zimene ndinachita: ndinamupha, kenako ndinabwerera chifukwa chodandaula. Ndinachita kuyang'ana kumbuyo ngati m'chipindamo muli munthu. Gemuyo imasunga zina zimene sevu yako siisunga, ndipo amene amapha chamoyo chilichonse mpaka kumapeto amapeza kuti ngakhale atayambiranso mwaulemu, mathero abwino aja sabweranso oyera.

Ndinayambiranso Papers, Please, ndipo mayi wa ku Antegria ndinamulowetsa. Kamakina kanalira, chenjezo linatuluka, ndalama sizinadulidwe. Ndinayambiranso This War of Mine, ku Quiet House sindinapondeko, ndipo onse anapulumuka. Zinandisangalatsa pang'ono, koma sindingadzinamize. Ulendo wachiwiri ndinali ndikudziwa kale kuti mankhwala ali nyumba iti, kuti misampha ya makoswe iyenera kukonzedwa msanga, kuti nkhuni zisungidwe chisanu chisanafike. Pachipata paja maso anali atazolowera, ndinkaona anthu ambiri pa tsiku, ndalama zinkatsala. Ndinali wabwino chifukwa ndinali wolemera ndiponso wodziwa za mawa. Amene anayesedwa ndi wa ulendo woyamba uja, wosadziwa ngati Bruno afika m'mawa.

Pali kachitonthozo kena kamene The Walking Dead ya Telltale, ya 2012, imapereka. Gawo lililonse likatha imakuonetsa kuti osewera angati mwa 100 anasankha ngati iwe. M'gawo lachiwiri umapatsidwa zakudya zinayi zokha kuti ugawire anthu khumi anjala, ndipo kumapeto kwake gulu lanu limapeza galimoto yosiyidwa yodzaza ndi chakudya, iwe n'kusankha kutenga nawo kapena kukana, kamtsikana Clementine kakukuyang'ana. Ndinadzipeza ndikudikira tsamba la manambalalo ndi mtima wofuna kuona kuti tili ambiri. Ndikapezeka m'gulu lalikulu ndinkamasuka, ngati kuti kuchuluka kwa anthu kumachepetsa kanthu. Mwini galimotoyo umadzakumana naye m'gawo lomaliza, ndipo amakuwerengera zimene unachita, chimodzi ndi chimodzi. Za manambala aja iye safunsa.

Mwezi wathawu alamu anga anandiikira Frostpunk, ya 2018, ya anthu omwe aja a ku Warsaw. Anati, "Iyi ndiye ikumalizani, alamu." Dziko lonse laundana ndi chisanu, iwe ndiwe mtsogoleri wa kagulu ka anthu ozungulira chimakina chotenthetsa chimene chimadya malasha usana ndi usiku, ndipo chikazima anthu amafa. Uli ndi buku la malamulo limene umasainira. Ukhoza kulamula kuti anthu agwire ntchito maola 24 osapuma, ukhoza kulamula kuti m'chakudya azithiramo utuchi kuti chichuluke. Limodzi mwa malamulo oyambirira ndi lokhudza ana: kuwamangira nyumba zowasungiramo, zimene zimadya matabwa, kapena kuwatumiza kuntchito. Ndinalowa nditalumbira kuti ulendo uno ana sindiwakhudza. Kenako kuzizira kunawonjezeka, odwala anachuluka, otola malasha anachepa, ndipo ndinawerenganso lamulo lija bwinobwino n'kuona kuti likunena ntchito zosaopsa zokha. Ndinakumbukiranso kuti ife tomwe tinakula tikutunga madzi, kutola nkhuni ndi kupalira m'munda tisanapite kusukulu, ndipo sitinafe. Ndinasaina.